Wondiitana Pochoka ku Fiyeta

Lachiwiri, 16 Julaye 2024

Andigoneka lero m'wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi windo. Kope ili wandigulira Mervis, mwana wanga woyamba, amene akundidikirira. Akuti, "Amayi, nkhawa zanu muzilemba umu, makutu anga apumeko." Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma kulemba ndimatha, bola asandithamangitse.

Matenda anga ndi chithokomiro. Chinayamba ngati nthudza, pano chafika ngati peyala, ndipo ndikagona chagada ndimabanika. Kwaya ya amayi ndinasiya chifukwa mpweya umandithera pakati pa nyimbo. Dokotala wa maopaleshoni abwera Lolemba kuchokera ku Lilongwe, abwerera Lachisanu. Akapita, akuti mpaka chaka chamawa.

BP 168/100. Anesi akuti itsike kaye. Piritsi loyera, limodzi m'mawa.

Ndichira, zimenezo sindikukayika. Chondivuta n'choti abambo a Mervis amaiwala kutsekera nkhuku.

Lachitatu, 17 Julaye

Anditenga magazi. Andijambula pakhosi ndi makina opaka mafuta ozizira. Akuti chotupacho chakankhira njira ya mpweya kumanzere, koma chichoka.

Bedi loyandikana nalo pali mayi Aziza a ku Nsipe, ogulitsa nsalu. Anagwa pa njinga yamoto, mwendo aumangirira kuchitsulo. Mwendo wokha ndi umene wamangidwa, pakamwa ayi. Atandiona ndikuwerenga madontho a diripi ya mayi wina, anati, "Achemwali a ku Tsangano, diripi ndi ya eni ake, mtima ukukupwetekani ndi inu?" Mpongozi wawo wabweretsa samusa, andigawira ziwiri. Ine ndawapatsa mbatatesi yophika ya kudimba kwathu.

Kukuzizira. Kaya chisanu sichiwaula mbatatesi kumtunda kuja.

Lachinayi, 18 Julaye

BP 150/94.

Kwabwera a Wilfred, amene amagonetsa anthu ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Munthu wofatsa. Andiyasamulitsa, andifunsa ngati ndili ndi dzino logwedera. Akuti adzandibaya mankhwala padzanja, ndidzagona, sindidzamva kanthu. Ndinafunsa kuti ndidzadzukira pomwepo? Anati, "Ayi mayi, timakukankhani pa kabedi ka matayala mukadali ndi tulo. Mudzazindikira bwinobwino muli kuno."

Mawu amenewo andikhala pamtima. Mpeni sindiuopa. Imfa nayonso ndi ya Mwini wake. Chimene ndikuopa ndichilembe, mwina chichepa.

Kwathu munthu wogona sitimusuntha osamuitana. Mayi anga akachoka kudimba ndi khanda limene linagona pamthunzi, amaliitana dzina njira yonse: "Tiye kwathu, usatsale." Amati munthu akagona amayendako pang'ono, ndiye akabwerera n'kupeza thupi lachoka, amasokera. Ana anga onse ndinawaitana choncho.

Bambo anga anali kumigodi ku Joni. Mwala unawaphwanya phewa, anawagonetsa n'kuwachita opaleshoni komweko. Phewa linapola. Koma amene anatsika basi pa Tsangano sanali bambo amene anapita. Ovina ngoma otchuka aja ankangokhala pakhonde kuyang'ana phiri, osaseka, osakalipa, ife ana kumatiyang'ana ngati ana a eni. Mayi ankati, "Anawanyamula ali mtulo, panalibe wowaitana. Thupi labwera, munthu anatsala." Anakhala choncho mpaka kumwalira.

Ine ndikufuna kubwerera kwathu ndense. Pepala lovomera opaleshoni sindinasaine.

Lachisanu, 19 Julaye

Lero zachilendo. Kwabwera mayi wina wovala magalasi, wanyamula kabokosi ka mawaya. Dzina lake Tawina, kwawo akuti ndi ku Sharpevale konkuno, koma amaphunzitsa ku yunivesite. Ndinati adokotala, anati, "Udokotala wanga si wochiza, amayi. Mukandipatsa jakisoni ndithawa ndine." Ndiye ndikumawatcha aphunzitsi.

Akuchita kafukufuku ndi anzawo, ena a kuno ena akunja. M'gulumo akuti muli madokotala, m'busa mmodzi ndi shehe. Funso lawo ndi ili: munthu akagonetsedwa, kudziwa kwake kuti "ndine uje, ndili pano" kumapita kuti? Kumazima ngati nyali, kapena kumakhalapo? Nditamva ndinadzuka n'kukhala tsonga. Ine ndimayesa funso limeneli ndi la ife osaphunzira.

Iwo phunziro lawo ndi fizikisi, mbali imene amati kwantamu. Andilembera pachikuto cha kope. Akuti ndi za tinthu tating'ono kuposa fumbi, timene tinapanga chilichonse, mwala ngakhale munthu. Timeneto tili ndi khalidwe lodabwitsa. Kamodzi kamakhala ngati kali kuno ndi uko nthawi yomweyo, mpaka utakayeza m'pamene umakapeza pamodzi.

Mayi Aziza anakuwa ali chigonere: "Ameneyo ndi mwamuna wanga! Ali kusitolo, alinso kwa mkazi wamng'ono, mpaka utamugwira!" Wodi yonse inafa nako kuseka, ndi aphunzitsi omwe anachita kuvula magalasi.

Akuti ophunzira ena amaganiza kuti maganizo a munthu amachokera ku khalidwe la tinthu timeneti muubongo, ndipo mankhwala ogonetsa amatikhazika chete. Ndinafunsa, "Ndiye mzimu ndi umenewo?" Anati, "Sindikunamizani. Sitikudziwa. Ochepa amati mwina, ambiri amati ndi maloto chabe. Ine ndikungofuna tiyeze m'malo mokangana."

Munthu wophunzira wonena kuti sindikudziwa, ndamukonda.

Akufuna ndilowe nawo. Adzandimata timawaya pamphumi, ndipo ndili mtulo adzandimvetsera mawu angapo kudzera m'tomvera ta m'makutu. Ndikadzuka adzandifunsa ngati ndikukumbukapo kanthu. Akuti ndikakana palibe mlandu, opaleshoni ndi yomweyo. Ndati ndiganize.

Loweruka, 20 Julaye

BP 142/88. Anesi andiyamikira.

Abambo a Mervis abwera ndi thobwa ndi futali. Nkhuku akuti zonse zilipo, koma ponena anayang'ana kumbali. Za pepala anati, "Anangozo, sainani. Mukufuna chikutsamwitseni kunyumba ine ndikuonerera?" Ndinawakumbutsa za bambo anga. Anati amene aja anaona anzawo akufa pansi pa mgodi, chinawasintha ndi chimenecho. Mwina n'zoona. Koma iwo sanakule nawo m'nyumba muja.

Lamulungu, 21 Julaye

Kunabwera a mpingo wina kudzapemphera nafe. Ndinayesa kuimba nawo, mpweya unathera pa mzere wachiwiri.

Masana ndinauza Mervis kuti tikaone njira ya ku fiyeta. Pali kholido yaitali, kenako mzere wofiira wopakidwa pansi. Wodikirira odwala sadutsa pamenepo. Kuseri kwake kuli zitseko ziwiri, ndipo a Wilfred anati m'kati mulinso kachipinda kodikiriramo. Ndiye kuti Mervis angandiitane kuyambira pamzere pokha. Kuchokera pathebulo kufika pamzere ndidzakhala ndekha, ndipo kosokera n'komweko.

Mervis anati, "Amayi, inu ndinu Mkhristu. Zoitana mizimu izi n'zakale." Ndinati, "Sindikuitana akufa, ndikuitanitsa wamoyo. Iweyo ndinakuitana kuchokera kudimba, taona wabwera wamphumphu ndi mwano wako womwe."

Mayi Aziza akuti kwawo amaphunzira kuti munthu aliyense akagona, Mulungu amasunga mzimu wake, m'mawa n'kumubwezera. "Ndiye mukuganiza kuti Iye angasokere m'kholido ya chipatala, achemwali?" Ndinati Iye sangasokere, wosokera ndine. Ngakhale pamsika wa pa Boma ndimasokera ndili maso.

Lolemba, 22 Julaye

Dokotala wamkulu afika. Wamfupi, wolankhula mofulumira, manja ozizira. Andigwira pakhosi, andimwetsa madzi kuti aone mmene chikuyendera. Akuti adzachotsa mbali yakumanja yokha. Mawu akhoza kusasa kwa kanthawi. Andiika Lachinayi, koma pepala likhale losainidwa pofika Lachitatu, apo ayi malo anga apatsa wina.

Ndinapempha a Wilfred kuti adzandiitane pochoka ku fiyeta. Sanaseke. Anati iwo amadzutsa munthu ndi dzina pathebulo, koma akangoona kuti akupuma yekha amatsala m'kati kukonzekera wotsatira. Anesi anati, "Tidzakuitanani mayi, osadandaula," uku akuthamangira kwa mayi wina amene amasanza. Sindingawanene. Ndaona mmene amagwirira, munthu mmodzi wodi yonse. Koma kuitana kumeneku sikufuna wodukiza.

Madzulo aphunzitsi Tawina anabwera. Ndinafunsa kuti kabokosi kawo kamatsala ku fiyeta? Anati ayi, amayenda nako pambali pa wodwala mpaka pabedi lake. Ndinawafotokozera zonse, za kudimba ndi za bambo. Ndinati, "Ndilowa kafukufuku wanu. Inu mudzangondiitana."

Anati lamulo la kafukufuku wawo n'loti iwo asalankhule ndi wodwala mpaka atamufunsa mafunso. Akalankhula, sangadziwenso ngati zimene munthu akukumbuka anazimva ali mtulo kapena m'njira. Akuti lamulolo anagwirizana ndi anzawo onse, sangalisinthe okha. Ndiponso ogonetsedwa thupi lonse kuno ndi ochepa, ambiri amangowabaya kumsana, ndiye munthu mmodzi kwa iwo ndi wamkulu.

Ndinati ndamva. Anapepesa kawiri.

Lachiwiri, 23 Julaye

BP yakweranso, 160/98. Anesi akudabwa. Ine sindikudabwa.

Ndabanika kwambiri m'mawa, anachita kundikhazika ndi mapilo. Mervis analira panja, ndinamuona pawindo. Mayi Aziza lero sanandiseke. Anangoti, "Ndikanakhala ndi mwendo ndikanalumpha kamzere kawoko."

Chotupa chiyenera kuchoka, ndikudziwa. Njira ipezeka.

Lachitatu, 24 Julaye

Yapezeka.

Aphunzitsi afika tisanamwe phala, opanda kabokosi. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti dzulo anaimbira foni mayi awo ku Sharpevale. Anawafunsa ngati anamvapo za mwambo woitana mwana wogona. Akuti mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Tawina, ukuyesa unafika bwanji ku yunivesiteko? Ukanatsala m'munda wa thonje ukadali wa miyezi itatu!"

Kenako analankhula ndi anzawo a kafukufuku. Wina wakunja sanakondwe. M'busa ndi shehe akuti kwa nthawi yoyamba anagwirizana chimodzi. Mapeto ake, timawaya adzandimata, koma zondimvetsera mawu zija achotsa, ndipo alemba poyera kuti mayi uyu anaitanidwa. Pa funso lawo lalikulu, ine sindidzawerengedwa.

Ndinati, "Ndiye ndakuonongerani ntchito." Anati, "Mwandichepetsera pang'ono. Koma ine ndikufufuza kumene munthu amapita. Wina akandipempha kuti ndimuperekeze pobwerera, ndikane?" Anawonjeza kuti, "Musandimve molakwa, amayi. Sindikunena kuti ndikudziwa kuti zimathandiza." Ndinati, "Inu musadziwe, muzingoitana."

Ndinawaphunzitsa. Ayambe asanandinyamule pathebulo. Asanene Esnath la papepala, anene Anangozo, la kumtundu kwathu, limene ndimaitanidwa nalo pakhomo. Asanong'one, asathamange, asaleke mpaka nditafika pabedi lino. Pokhota anene kuti tikukhota. Anayeserera pomwepo. Mayi Aziza anati, "Kwezani mawu aphunzitsi, mukuitana munthu kapena mukufunsira ngongole?" Anabwereza mokweza, wodi yonse inawaombera m'manja.

Ndasaina mapepala onse awiri, la opaleshoni ndi la kafukufuku.

BP madzulo 138/86. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Lachinayi, 25 Julaye, m'mawa

Ndasamba. Andiveka chovala chobiriwira chotseguka kumbuyo, chamanyazi. Diripi kudzanja lamanzere. Mphete ndapatsa Mervis. Mayi Aziza andipempherera m'chinenero cha kumzikiti, ine ndinati Amen.

Ndine wachiwiri. Aphunzitsi adutsa ndi kabokosi kawo, andikwezera chala.

Ndikupita, ndibweranso.

Lachisanu, 26 Julaye

Ndilipo. Pakhosi pakupweteka. Pali kapaipi kotulutsa magazi. Jakisoni wa ululu kawiri. Tiyi wozizira, masipuni ochepa.

Mawu kulibe, kunong'ona kokha.

Loweruka, 27 Julaye

Kapaipi achotsa. Phala lamadzimadzi lalowa. Ndagona chagada osabanika, koyamba pa zaka zambiri. Dokotala wamkulu anandiona dzulo asananyamuke, akuti zinayenda bwino. Chotupacho atumiza kokayeza.

Ine sindikukumbuka kanthu. A Wilfred anati werengani, ndinafika pa folo. Kenako ndinaona denga la wodi ino ndi nkhope ya Mervis. Zapakati wandiuza ndi iyeyo, ndipo ndamuuza abwereze katatu.

Akuti anaima pamzere wofiira. Asanaone kanthu anamva mawu kuseri kwa zitseko: "Anangozo, tiyeni kwathu, musatsale!" Zitseko zinatseguka. Aphunzitsi ali m'zobiriwira, kabokosi kukhwapa, dzanja lina lagwira chitsulo cha kabedi, magalasi achita nthunzi. "Anangozo, tikutuluka pakhomo tsopano. Anangozo, tikukhotera kumanja, musatsale." Anthu odikirira m'kholido anayamba kuseka. Iwo osatembenuka. Bambo wokankha kabedi poyamba ankaseka nawo, koma pofika pa malo olandirira mankhwala nayenso anali akuti, "Tiyeni mayi, tiyeni." Gogo wina wokhala pabenchi anaimirira n'kuvula chipewa, kuyesa maliro, mkazi wake anamukoka malaya: "Khalani pansi inu, akumuitana wamoyo."

Polowa m'wodi, mayi Aziza analandira ali pabedi: "Achemwali, bedi lanu ndi ili, musapite kwa eni ake!"

Ndinafunsa Mervis kuti nanga iwe unkatani. Anati ankangoyenda pambuyo.

Chimene chinandivuta usiku wonse ndi ichi: munthu wotsala amadziwa kuti watsala? Bambo ankadziwa? Ndinamunong'oneza Mervis kuti andiyang'ane bwino, ndine yemwe uja? Anaseka mpaka misozi. Akuti nditangotsegula maso Lachinayi ndinayendetsa milomo, iye n'kuwerama kuyesa ndikufuna madzi kapena pemphero. Mawu anga oyamba anali akuti, "Nkhuku atsekera?"

"Pomwepo ndinaimbira abambo," akutero Mervis. "Ndinati musadandaule, abwera onse, palibe chatsala."

Lamulungu, 28 Julaye

Ndayenda ndekha mpaka kubafa. Panado awiri katatu pa tsiku. Zala sizikuchita dzanzi, anesi amafunsa zimenezo kawirikawiri. BP 132/84.

Abambo a Mervis abwera. Avomera kuti nkhuku imodzi inagwidwa ndi vumbwe Lachitatu la sabata yoyamba ija. Ndinadziwa ine. Ndawakalipira monong'ona, iwo akungosekerera.

Lolemba, 29 Julaye

Aphunzitsi abwera kudzatsanzika, akupita ku chipatala china. Anati ngakhale sindikuwerengedwa, akufuna amve: ndinaona chiyani? Ndinaganiza zowasangalatsa ndi kuwala kapena maluwa, poti anandichitira zazikulu. Koma ndinanena zoona. Sindinaone kanthu, sindinamve kanthu, ngakhale mdima sindinauone. Ngakhale kuitana kwawo sindinakumve.

Ndimayesa akhumudwa. Anati ambiri amayankha chomwecho, ndipo yankho limenelo nalonso amalilemba.

Anandionetsa pakompyuta mizere yochokera m'mutu mwanga. Poyamba ing'onoing'ono yothinana, ngati mapazi a nkhuku pabwalo. Kenako ikuluikulu yoyenda pang'onopang'ono ngati mizere ya m'munda. Kumapeto yothinana ija inabwerera. Ndinaloza pakati n'kufunsa, "Apa ine ndinali kuti?" Anati, "Funso limenelo ndi limene limandidyetsa, amayi. Ndikadzalipeza yankho ndidzabwera ku Tsangano." Ndinalozanso kumapeto: "Nanga apa, ndinabwera chifukwa munandiitana?" Anati mankhwala anali akutha m'thupi, ndipo ndikanadzukabe. Kenako anati, "Koma mutati mupitenso, ndikhoza kukuitananinso."

Ndinati ayi zikomo, kamodzi kakwana.

Mawu awo ndi osasa kuposa anga. Ndawauza amwe madzi otentha a mandimu. Mervis wawapatsa kathumba ka mbatatesi kamene abambo ake anabweretsa, anakana kawiri, kachitatu analandira.

Lachiwiri, 30 Julaye

Anditulutsa. Ulusi akachotsa Lachisanu ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Ndibwerenso mwezi wamawa kudzamva za chotupa ndi kuyezetsa magazi. Piritsi la BP ndisasiye. Osasenza katundu pamutu mpaka atandiuza. Kuimba akuti ndidikire, koma m'bafa ndayesako mzere umodzi, mpweya unafika mpaka kumapeto.

Mayi Aziza atsala, mwendo ukadali kuchitsulo. Akuti ndikadzatsika pa Nsipe ndidzasankhe chitenje chofunda pakhosi. "Koma musadzawerenge ulusi wake, achemwali." Tagwirana manja nthawi yaitali.

Ndikulemba izi pabenchi panja, tikudikira abambo a Mervis apeze galimoto ya ku Tsangano. Potuluka m'wodi muja Mervis anali patsogolo ndi chikwama ndi beseni. Atafika pakhomo anaima, n'kuyang'ana bedi limene ndagonapo masiku onsewa. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali womumva. Kenako anati, osakweza kwambiri, "Anangozo, tiyeni kwathu. Musatsale."

Ndinali kumbuyo kwake komweko. Ndinayankha ndi timawu tanga tosasati, "Ndili pano, mwanawe. Tiye."